Nkhanga zinapangana ndi yani?

Kukangoti mbee m'tauni ya Kabwe, maminibasi a ku Lusaka asanayambe kuitanira anthu, m'mipanda ya maluwa ya ku Highridge mumabuka phokoso longa la anthu amene agwira wakuba. Imayambitsa mbalame imodzi, ina n'kulandira, kenako zonse pamodzi, kwekwekwekwe, mpaka galu wa pakhomo kutuluka kukaona. Eni phokosolo ndi mbalame zotuwa, zokulirapo kuposa pumbwa, za timadontho toyera pachifuwa tonga nsonga za mivi. Mabuku a Chingerezi amazitcha arrow-marked babbler. Wozipenyetsetsa kwa sabata imodzi amayamba kuona kanthu kena: mbalamezo n'zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, mwina 7, mwina 8, ndipo zimayenda njira imodzimodzi. Ikawoloka msewu imodzi, zinzake zimatsatira imodziimodzi ngati ana a sukulu. Nthawi yoswa ikafika chisa chimakhala chimodzi, koma milomo yobweretsa tizilombo kwa tianato imakhala ya gulu lonse.

Kwa munthu wodutsa, limeneli ndi gulu la mbalame basi. Kwa akatswiri amene atha zaka zambiri akuveka mbalame mphete m'miyendo n'kumalemba kuti uyu waoneka ndi yani, mawu oti "gulu" amabisa zambiri. Mkati mwake muli mabanja, apongozi, obwera, ongosungidwa, okondana ndi ongopirirana. Kalukidwe ka maubale amenewa ndi kamene kamagamula kuti adye ndani, abereke ndani, ndipo ndani amve msanga kuti kabawi wafika.

Nkhaniyi inayambira m'khola la nkhuku. Thorleif Schjelderup-Ebbe wa ku Norway, yemwe anayamba kuyang'anitsitsa nkhuku ali mnyamata, analemba mu 1922 kuti nkhuku sizijomphana mwachisawawa. Pali imene imajompha zonse, pali imene imajomphedwa ndi zonse, ndipo zotsalazo zili ndi malo awo pakati. Mayi aliyense woweta nkhuku ku Makululu kapena ku Bwacha akanamuuza zomwezo popanda kupita ku yunivesite. Amalidziwa thadzi limene limayamba kudya madeya ndi msoti umene umadikira pambali. Amadziwanso kuti nkhuku yogula kumsika imalandiridwa ndi milomo masiku angapo isanapeze malo ake. Chachikulu chimene mkuluyo anaonetsa n'chakuti mzere wotere sungakhalepo ngati nkhuku sizizindikirana payokhapayokha ndi kukumbukira imene inazigonjetsa.

Koma makwerero a wamkulu ndi wamng'ono amangonena za ndewu. Sanena kuti imagona pafupi ndi iti, imakonzana nthenga ndi iti, ikanyamuka imatsatiridwa ndi iti.

Apa m'pamene panalowera njira yotchedwa netiweki, mawu omwewo a pa foni. Mbalame iliyonse imakhala kadontho papepala. Ziwiri zikaoneka limodzi, pakati pake amalembapo mzere, ndipo zikamaoneka limodzi kawirikawiri mzerewo umanenepa. Ikatha miyezi, pepalalo limafanana ndi ukonde wa msodzi wa ku Lukanga: pena mfundo zathinana, pena mbali ziwiri zangogwirana ndi ulusi umodzi. Mbalame imene ili pa ulusi umodziwo ingakhale yonyozeka pa ndewu, koma ndi yomwe imadutsitsa nkhani, kapena matenda, kuchoka ku mbali ina kupita ku ina. Kale ntchitoyi inali ya maso ndi kope. Lero mbalame zimavekedwa timphete tamagetsi timene timawerengedwa tokha zikatera pa chakudya, kapena timakina ta GPS kumsana.

Njirayi ili ndi msampha wake, ndipo akatswiriwo amaudziwa. Anthu amene athinana m'minibasi ya ku Kapiri Mposhi si abwenzi, angofanana ulendo. Chimodzimodzi mbalame zimene zasonkhana pa mkuyu wakupsa, monga uja waukulu wa pakati pa tauni ya Kabwe umene unali bwalo la misonkhano m'nthawi ya atsamunda, ndipo lero ndi chipilala cha dziko. Nkhuyu zikapsa, pumbwa, njiwa ndi zina zimadzazana m'nthambi, koma zabwera chifukwa cha mimba. Motero wofufuza wosamala amayamba wafunsa: mbalamezi zikanangosakanikirana mwamwayi, ukondewo ukanaoneka bwanji? Chotsala akachotsa mwayi ndiye ubale. Kafukufuku amene sanadzifunse funso limeneli ndi wofunika kumuwerenga ndi diso limodzi.

Makolo anati nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo zikuoneka kuti anasankha mbalame yoyenera. Nkhanga za m'minda yozungulira Kabwe zimayenda m'magulu akuluakulu m'chilimwe, n'kukagona pamodzi m'mitengo, ndipo mvula ikagwa zimabalalika ziwiriziwiri kukaikira. Achibale awo a ku Kenya, nkhanga za chifuwa chobiriwira ngati thambo ndi mutu wopanda nthenga ngati wa muimba, ndi amene anadabwitsa dziko. Pa malo ofufuzira a Mpala ku Laikipia, Danai Papageorgiou, Damien Farine ndi anzawo anatsatira nkhanga zoposa 400, ndipo mu 2019 anafalitsa zimene anapeza: magulu 18, lochepetsetsa la nkhanga 13, lalikulu la 65. Magulu amenewa sankasungunuka ngakhale ankakumana masana ndi kugona m'mitengo yoyandikana usiku. Kukacha, nkhanga iliyonse inkabwerera kwa anzake. Chodabwitsa koposa chinali chakuti magulu ena ankafunana ndi magulu akutiakuti, osati lililonse limene akumana nalo.

Umenewu ndi moyo wa nyumba, mbumba ndi mudzi: kagulu m'kati mwa gulu, gulu m'kati mwa khamu. Poyamba anthu ankauyembekezera kwa njovu, anyani ena ndi anthu, zolengedwa za bongo waukulu. Nkhanga ili ndi kamutu kakang'ono, mbalame imene ikawopsedwa imathamangira mpanda womwewo kangapo. Ngati iyo imakwanitsa, ndiye kuti kusunga maubale ambiri sikulira nzeru zochuluka monga ankaganizira.

Ofufuza omwewo anaonanso mmene gulu limasankhira kopita. Nkhanga zamphamvu zikapeza malo a chakudya chambiri zimathamangitsa zofooka. Zothamangitsidwazo zimaima pambali, imodzi, ziwiri, zisanu, mpaka zikachuluka zimangonyamuka ulendo. Zamphamvu zija zimasiya chakudyacho n'kuthamangira pambuyo, poopa kutsala zokha pamene chiwombankhanga chikuzungulira. Wamkulu amalamula pa mbale, koma njira imasankhidwa ndi amene akanizidwa mbaleyo. Tauni ya anthu a mgodi ndi a njanji ngati Kabwe, imene inaona masitalaka ake, siyenera kufotokozeredwa kawiri.

Funso limene lavutitsa akatswiri kwambiri ndi lija la chisa chimodzi, milomo yambiri. N'chifukwa chiyani mbalame yokhwima, yoti ikanakhala ndi chisa chake, imathera dzinja lonse ikudyetsa ana a wina? Mu 1964 William Hamilton wa ku Britain anapereka yankho la masamu, lomwe pa Chichewa n'lalifupi: chibale ndi fupa. M'bale wa bere limodzi ali ndi theka la magazi ako, mofanana ndi mwana wako. Choncho kulera mng'ono wako sikutaya mbewu, makamaka ngati malo omangapo chisa chako palibe.

Palibe mbalame imene inaonetsa zimenezi momveka kuposa afulagombe a mphumi yoyera, aja amaboola mauna m'magombe a mitsinje monga Luangwa ndi Kafue. Stephen Emlen ndi Peter Wrege anawatsatira zaka zambiri kufupi ndi Nakuru ku Kenya. Gombe limodzi limakhala ndi mbalame mazana, koma m'kati mwa khamulo muli mafuko ang'onoang'ono, lililonse ndi dera lake losakamo tizilombo. Mbalame yopanda chisa ikafuna kuthandiza imasankha, ndipo pafupifupi nthawi zonse imasankha chisa cha wachibale wapafupi kwambiri. Ukwati wa afulagombe ndi wa chitengwa: mkazi ndiye amasiya kwawo kukakhala kwa mwamuna. Mtengwayo chisa chake chikalephereka sakonda kudyetsa ana a kuchimuna, ndipo nthawi zina amabwerera kwa makolo ake kukathandiza kumeneko. Kwa Mchewa kapena Mlenje wozolowera kuona mkamwini akulima munda wa apongozi, mbalame zambiri zimachita mosemphana, pakuti pakati pa mbalame wochoka pamudzi amakhala mkazi kawirikawiri.

Chibalecho chili ndi mano ake. Mu 1992 Emlen ndi Wrege analemba kuti atate ena amasokoneza dala maukwati a ana awo aamuna. Bambo amatchinga khomo la una wa mwana wake, amalowerera pamene mwanayo akudyetsa mkazi wake, amamuvutitsa mpaka chisa chitasiyidwa. Mwanayo nthawi zambiri sabwezera, amangobwerera kukadyetsa azing'ono ake kwa atate. Amene amaona gulu la mbalame ngati chitsanzo cha mtendere ayenera kukhala tsiku limodzi pa gombe limeneli.

Zambia ili ndi gawo lake m'nkhaniyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Dale Lewis wa ku America anakhala m'chigwa cha Luangwa akufufuza mpheta za nsidze zoyera, zotchedwa white-browed sparrow-weaver, zimene zimapachika zisa zaudzu zosapesa pa mtengo umodzi. Zisa zambiri mwa izo ndi zogonamo chabe, za makomo awiri kuti mwini athawire kwina mdani akalowa, ndipo choswera chimakhala ndi khomo limodzi. M'gulu lonse mumabereka banja limodzi, zotsalazo n'kumathandiza ndi kudikira malo. Lewis yemweyo ndi amene pambuyo pake anayambitsa COMACO, bungwe limene alimi a ku Eastern Province amagulitsako mtedza, mpunga ndi uchi.

Komabe magazi okha sakwanira kufotokoza zonse. Mu 2025 Alexis Earl, Dustin Rubenstein ndi anzawo anafalitsa zotsatira za zaka 20 za kuyang'ana mbalame zonyezimira zotchedwa superb starling, komwe kuja ku Mpala. M'magulu ake muli obwera ambiri opanda chibale. Anapeza kuti ngakhale zimakondera achibale, zimathandizanso akutiakuti osakhala achibale, ngakhale wachibale wofuna thandizo alipo, ndipo patapita nyengo maudindo amasinthana: wodyetsa ana a mnzake chaka chino amadzadyetseredwa ake mtsogolo. Amayi a chilimba pa msika angachizindikire msanga chinthu chimenechi. Kuti chioneke panafunika zaka 20, ndipo mwina n'chifukwa chake chinachedwa kudziwika. Kafukufuku wa zaka zitatu amaona wopereka yekha, wobweza asanafike.

M'ukonde mumayendanso nzeru. Mu 1921 anthu a ku Swaythling, kufupi ndi Southampton ku England, anayamba kupeza mabotolo a mkaka a pakhomo atabooledwa zivindikiro. Olakwa anali timbalame tating'ono ngati timba, ndipo m'zaka zotsatira khalidwelo linafalikira m'madera ambiri a dzikolo. Kuti atsimikize ngati timbalameti timaphunzitsanadi, Lucy Aplin ndi anzake anayesa m'nkhalango ya Wytham pafupi ndi Oxford, kumene mbalame zotchedwa great tit zakhala zikuwerengedwa kuyambira 1947. Anagwira ziwiriziwiri m'madera osiyana, n'kuziphunzitsa kutsegula kabokosi ka mphutsi, zina pokankhira kachitseko kumanja, zina kumanzere. Atazimasula, m'masiku 20 okha pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse za m'maderawo zinali zitadziwa kutsegula, ndipo luso linayenda motsatira mizere ya ukonde uja: yoyenda ndi wodziwa inkadziwa msanga. Kachitsekoko kankatseguka mbali zonse ziwiri, koma dera lililonse linakakamira mbali ya mphunzitsi wake, mpaka chaka chotsatira pamene zambiri mwa mbalame zoyamba zinali zitafa. Yosamukira dera lina inkasiya njira ya kwawo n'kutengera ya eni mudzi. Zotsatirazi zinatuluka mu 2015.

M'nkhalango za miombo zimene zatsala kuzungulira Kabwe muli chinthu chofanana nacho chimene aliyense angachione m'miyezi yozizira. Munthu amayenda theka la ola m'tchire muli zii, kenako mwadzidzidzi mitengo yonse yadzaza mbalame za mitundu yosiyanasiyana, zikuyenda mbali imodzi, ina m'makungwa, ina m'masamba, ina pansi. Pakangopita mphindi zochepa zadutsa, kwabwereranso zii. Pakati pa chikhamu chotere sipalephera kupezeka mnthengu, wakuda bii, wa mchira wamphanda, atakhala pa nthambi yoonekera. Iye amawakha tizilombo touluka pothawa zinzake, ndipo akaona kabawi amakuwa, zonse n'kubisala.

Mlondayu ali ndi dzanja lalitali. Ku Kuruman River Reserve m'chipululu cha Kalahari, kumene Amanda Ridley anayamba mu 2003 kuzoloweza anthu magulu a pied babbler, achibale a mbalame zaphokoso za ku Highridge zija, Tom Flower anaona mnthengu akukuwa bodza. Mbalame ina ikafukula mphutsi yonona, mnthengu amaliza mfuu ya ngozi, mwini mphutsi n'kuthawa, iye n'kutola. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya chake limabwera motero. Obedwawo akayamba kunyalanyaza mfuu yake, amasintha n'kuyerekeza mfuu ya mtundu wina. Nanga bwanji samuthamangitsa? Chifukwa mfuu zake zina n'zoona, ndipo kutaya mphutsi n'kwapafupi kuposa kutaya moyo. Ababbler a gulu lalikulu amaika mlonda wawowawo pamwamba pa chitsamba, amene amalira motsitsa kosalekeza kuti odya pansi adziwe kuti kuli bwino, ndipo magulu otere sasamala kwambiri za mnthengu. Magulu ang'onoang'ono, osowa wolondera, ndi amene amamudalira.

Kukhala pamodzi kuli ndi mtengo wake, ndipo woweta nkhuku amaudziwa kuposa wina aliyense. Mizere yomwe imanyamula nkhani ya chakudya ndi yomwenso imanyamula chitopa. Nkhuku imodzi yochokera kumsika, imene yagona m'dengu limodzi ndi za m'midzi isanu, ndiyo ulusi uja wolumikiza mbali ziwiri za ukonde.

Zonsezi zikafika pa Kabwe zimasanduka nkhani ya mitengo. Aliyense woyenda pa msewu wa Great North amawaona matumba a makala atandandalikidwa m'mbali mwa msewu ndi ena atasanjikizana pa njinga. Mbalame yokhala yokha ikataya mtengo imasaka wina. Ya pagulu imafuna malo okwanira gulu lonse, ndipo gulu likachepa kupyola muyeso, ntchito zimene zinkagawidwa, kulondera, kudyetsa, kuteteza malire, zimagwera ochepa.

Nang'omba, amene ena kuno amati mung'omba, ndiye chitsanzo chowawa. Mbalame yaikulu yakuda, ya khosi lofiira, imene kulira kwake kwa m'mamawa kumamveka patali ngati ng'oma. Imayenda pagulu, koma m'gulumo mumabereka banja limodzi lokha, m'phanga la mtengo waukulu wakale. Mazira amakhala awiri kawirikawiri, koma wokula ndi mwana mmodzi. Othandiza ambiri amakhala ana aamuna a zaka zam'mbuyo, amene amatha zaka akuphunzira kulera asanabereke awo. Ku South Africa anawerengera kuti gulu limodzi limakuza mwana mmodzi pa zaka pafupifupi 9. Popeza nang'omba amakhala ndi moyo zaka makumi angapo, anthu angapitirize kuona gulu lomwelo likuyenda m'dambo chaka ndi chaka, osadziwa kuti mtengo wa phanga unapita kalekale m'thumba la makala ndipo palibe mwana amene waswedwa chiyambire. Wowerenga mitu yokha anganene kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake kuwerenga mbalame popanda kufunsa kuti ndani akubereka, ndani akuthandiza, ndi theka chabe la ntchito.

Kabwe ali ndi funso lina limene matauni ena alibe. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unapatsa tauniyi dzina lake lakale la Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu. Ofufuza a University of Zambia ndi a Hokkaido University ya ku Japan anapeza mtovu wambiri m'ziwalo za nkhuku zoyendayenda za pafupi ndi mgodiwo. Ku New Orleans ku America, kafukufuku wa mu 2019 anaonetsa kuti mbalame zotchedwa mockingbird za m'madera a dothi la mtovu wambiri zinali zaukali kwambiri poteteza malo awo. Mtovu umakhudza bongo, ndipo moyo wa pagulu umadalira kuzindikirana, kukumbukira ndi kudziletsa. Wophunzira wa ku Mulungushi University kapena ku Kwame Nkrumah University amene angaveke mphete ababbler a ku Kasanda ndi a ku Highridge, n'kuyerekeza maukonde awiriwo, angakhale ndi ntchito yofunika imene zida zake zazikulu ndi mphete, kope ndi kudzuka m'mamawa.

Mbalame ina ya pagulu anthu a ku Kabwe akhala akuiyendetsa m'matumba osaidziwa. Pa kobiri la K1 limene linayamba kugwira ntchito mu 2013 anaikapo Chaplin's barbet, imene ena amaitcha Zambian barbet, yoyera mutu ndi chifuwa, yofiira mozungulira maso. Sipezeka m'dziko lina lililonse kupatula Zambia, ndipo m'Zambia momwemo ili m'chigawo chochepa chapakati ndi kumwera, monga m'mafamu a ku Chisamba pa njira ya ku Lusaka ndi ku Choma. Imakhala m'timagulu tosapitirira 6 kawirikawiri, timene timaimba pamodzi polengeza malire, ndipo moyo wake wonse uli pa mkuyu: imadya nkhuyu, imagoba chisa m'nthambi youma ya mtengo womwewo. Mdani wake wina ndi nsadzu wamng'ono, amene amazemba kuikira dzira m'chisamo kuti eni alere mwana wa mlendo. Mkuyu woima wokha pakati pa munda wa chimanga, umene mlimi amauona ngati wongotchinga dzuwa, kawirikawiri ndiwo nkhokwe, chogona ndi bwalo la kagulu konse. Nthambi youma imene mayi angathyole kuti akaphikire ndiwo za madzulo ndi yomwe ili ndi khomo la chisa.